Ndidzafika Lachinayi

Kabwata, Lusaka
10 Julaye, 1977

Okondedwa amayi a Fanesi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi mlendo mwanyamulayo, ndiponso mwana wathu Fanesi. Ine ndinafika bwino Lachiwiri, kungoti msana ukadadandaulabe ndi mabampu a msewu wochokera ku Chipata. Fumbi lake ndalavula masiku atatu.

Ndikukhala m'nyumba ya mkulu wa mpingo wa kuno, a Kabamba. Kuno sanena kuti "a", amati "ba", ndiye inenso ndasanduka ba Kachigamba. Ba Kabamba ndi kalaliki ku maofesi a boma ku Longacres, munthu wathupi, woseka ndi mimba yomwe. Akazi awo, ba Judith, anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu n'kunena kuti, "Aba ba Malawi ni boyonda maningi. Bakazi babo bazakamba ati tenze kubamana vakudya." Ndiye za m'mimba mwanga musade nazo nkhawa.

Ntchito yake ndi ija ananena abusa athu pamene ankafuna kalipentala wodzipereka. Ndi sukulu ya mpingo ya zipinda zinayi ku Chelstone, uko kumathero a tauni. Makoma anamanga okha ndi zidina, ndipo aima bwino ndithu, koma denga palibe. Ine ndiyenera kukhoma dengalo mvula isanagwe, apo ayi zidinazo zibwerera kudothi kumene zinachokera. Malipiro palibe monga tinamvana, koma anthu ake andilandira ngati mbale wawo.

Tsopano imvani izi. Anandiuza kuti ntchito iyamba dzulo Loweruka nthawi ya "ziro-seveni awazi". Anthu a kuno nthawi amaitchula moopsa ngati asilikali: 7 koloko m'mawa ndiye ziro-seveni awazi, 3 koloko masana ndiye fifitini awazi. Mumtima ndinati eya, ndafika kwa anzanga odziwa wotchi. Ndinalawira, kukwera basi ziwiri, ndipo 7 koloko inandipeza nditakhala kale pamulu wa mchenga, sowo ndi hamala zili pamwendo. Amayi a Fanesi, munthu woyamba anatulukira 10 koloko itapitirira! Anali mmisiri wa njerwa, ba Chiti, wamtali ngati mlongoti, akuyenda ngati akukaona munda wa eni. Anandigwira chanza ndi manja awiri, n'kundifunsa za inu, za mwana, za mvula ya chaka chatha, mpaka za mtedza wa kwathu. Nditawaonetsa wotchi, anaiyamikira kuti ndi yokongola.

Inu mukundidziwa. Zaka khumi ndi chimodzi ndaliza belu la tchalitchi chathu osachedwapo ngakhale tsiku limodzi, ndipo amayi a pamjigo amati akandiona ndikudutsa ndiye kuti nthawi yodzutsa ana a sukulu yakwana. Kuno kaya ndiphunzira kudekha, kaya ndiwaphunzitsa iwo wotchi, tiona.

Za ulendo wanu wa kuchidikiro sindinaiwale. Anamwino a ku mishoni anati mukafike kumeneko pakati pa Okutobala, mwezi wathunthu nthawi yanu isanakwane, chifukwa cha mwana uja tinamutaya zaka zitatu zapitazo. Zambiri sindifuna kuzilemba papepala. Ndinakulonjezani kuti pakhomo la chipatala chija simudzalowanso nokha, ndipo mawu amenewo ali pomwepo. Ntchito ndaiwerengetsa bwino, masabata khumi ikhala itatha. Ndidzatsika pasiteji ya kwa Kamwendo Lachinayi pa 29 Sepitembala, ndi basi ya masana.

Musanyamule ndowa yaikulu ija. Achimwene anu, alamu anga a Ezekieli, ndinawapempha kuti aziyang'anira mbuzi, ndipo muwakumbutse za denga la nkhokwe. Sabata sinathe koma ndakusowani kale.

Ine mwamuna wanu,
Nikodemo Kachigamba


Kabwata
7 Ogasiti, 1977

Amayi a Fanesi,

Moni wochuluka. Kalata yanu inafika Lachitatu ndipo ndaiwerenga kangapo, mpaka ba Judith anandifunsa ngati muli mayeso. Ndakondwa kuti mseru unatha. Za kutupa mapazizo musazitenge mopepuka, muzikhala pansi masana, mtondo mumusiyire wina. Ine ndili bwino, chimfine chokha chinandigwira ndi kuzizira kwa kuno.

Mwezi watha ndipo ndakhoma msomali wochepa kwambiri. Matabwa a denga anafika Lachisanu lapitali, pambuyo pa misonkhano itatu ya komiti. Misonkhano ya kuno muyenera kuiona ndi maso anu. Amalengeza m'tchalitchi ndi mawu amphamvu kuti "fotini awazi shapu", kutanthauza 2 koloko yeniyeni. Ine ndimafika 2 koloko isanakwane n'kupeza benchi ndi nkhuku. Anthu amayamba kudontha mmodzimmodzi cha m'ma 3 koloko. Tikayamba, nkhani n'kufika pakati, amalowa wina wochedwa. Inu mukuganiza kuti amachita manyazi? Ayi, amapereka moni kwa aliyense, dzanja ndi dzanja, kenaka wapampando amayambanso nkhani yonse kuchokera pachiyambi kuti mnzathuyo amve. Tsiku lina nkhani ya misomali ndinaimva kanayi.

Pobwerera kunyumba ndinalephera kupirira, ndinawafunsa ba Kabamba kuti bwanji wochedwa osangomusiya kuti afunse anzake panja. Anaseka n'kunena kuti, "Ba Kachigamba, ngati tapitiliza alibe kumvela, mailo azakamba ati ine sinenzeko. Manje uja munthu ndiye ali na motoka yonyamulila matabwa. Imwe mupenda maawazi, ise tipenda banthu." Ndinangoti chabwino, koma mumtima ndinati anthu mukuwawerengawo sadzaletsa mvula.

Palinso mawu ena amene andidyetsa mutu, oti "manje manje". Amati amatanthauza kuti pompano. Ba Chiti anapita kukabwereka makwerero Lolemba, akuti abwera manje manje, ndipo anabwera nawo Lachitatu akuimba mluzu. Koma pena ndimasowa powakwiyira, chifukwa anabweretsanso chinangwa chootcha chimene akazi awo anandikonzera.

Tauni ya kuno ndi yaikulu, nyumba zosanja zili mbwee mumsewu waukulu, koma sopo ndi mafuta ophikira zikusowa m'masitolo. Pabasi ndaphunzira kusatchula kumene ndikuchokera. Tsiku lina mnyamata wina wovala bwino anandifunsa mafunso ambiri a za kwathu, ena osayankhika. Zimenezo tidzakambirana pakhonde ndikabwera.

Lamulungu masana ndi pamene nyumba imandikulira. Ba Kabamba ndi banja amapita kukacheza kwa abale awo ku Woodlands, ine ndimatsala ndekha pampando panja, kumvera ana a eni ake akusewera. Ndimakumbukira mmene mumandikanizira kuwerenga nyuzi musanamalize kundiuza za kumsika. Lero mutandiuza za kumsika tsiku lonse sindingatsegule nyuzi.

Fanesi asajombe kusukulu chifukwa cha ntchito za pakhomo. Mbewu ya chimanga ili m'chitini chija muione ngati anankafumbwe sanalowemo. Tsiku lathu silinasinthe, Lachinayi pa 29 Sepitembala.

Wanu,
Nikodemo


Kabwata
11 Sepitembala, 1977

Okondedwa amayi a Fanesi,

Ndiyambe ndi moni, ndipo ndithokoze Mulungu pomva kuti mlendo wathu akugunda mwamphamvu mpaka kukulepheretsani tulo. Agunde ndithu, ameneyo ndi mwana wa kalipentala. Ine thupi lili bwino, koma ndili ndi nkhani imene ndikuchita nayo manyazi, ndipo ndi bwino muimve kwa ine.

Ntchito yokweza matabwa padenga imafuna amuna asanu ndi mmodzi kapena kuposa, ndipo amuna a mumpingo amapezeka Loweruka lokha popeza masiku ena ali pantchito zawo. Loweruka la pa 20 Ogasiti ndinawadikira kuyambira 7 koloko. Anafika 11 koloko, amuna asanu ndi atatu, akucheza ndi kuseka. Mtima unandipsa. Ndinachita zimene ankachita mphunzitsi wathu wa ukalipentala ku mishoni: ndinalonga zipangizo m'bokosi, kukhoma loko, n'kuwauza kuti ntchito imayamba 7 koloko, wochedwa azibwerera kwawo, tidzaonana sabata ya mawa. Ndinkayesa kuti ena akangana nane. Ayi ndithu. Mmodzi anangovula chipewa n'kunena kuti, "Zikomo ba mudala," ndipo onse anatembenuka n'kumapita.

Loweruka lotsatira sikunabwere munthu. Linalo ndinapezako ba Chiti okha, atakhala pamthunzi. Anati, "Lelo kulibe nchito. Tiyeni nikuonetseni kwamene bali banthu banu." Tinakwera basi kubwerera m'tauni, ndipo anandifikitsa kusitolo ina yaikulu. Amayi a Fanesi, mzere wake unazungulira nyumba yonse mpaka kuseri. Anthu anali ataima kuyambira mbandakucha kudikira ufa, chifukwa kuno chimanga sichichokera m'nkhokwe, chimachokera m'thumba la m'sitolo, ndipo thumbalo likamveka kuti lafika aliyense amathamanga. Mumzeremo ndinaona amuna anayi a gulu langa lija. Loweruka ndi tsiku lokhalo limene angaime pamzere. Tsiku lija ndinawabwezali anali atachoka pamzere womwewo, kukatula ufa kunyumba, n'kuyenda wapansi kubwera ku Chelstone osadya kanthu, kudzagwira ntchito yopanda malipiro. Ine n'kuwakhomera loko.

Ndinawafunsa ba Chiti kuti nanga bwanji sanandiuze tsiku lomwelo. Anati munthu wamkulu akakwiya sumuyankha, umamupatsa mpata kuti azizire. Mpata wakewo wandidyera masabata atatu.

Lamulungu lapitali ndinaimirira m'tchalitchi n'kupepesa pamaso pa onse. Inu mukudziwa kuti kupepesa si ntchito imene ndinaizolowera. Anaomba m'manja, ndipo dzulo anabwera amuna khumi ndi awiri. Anafika mochedwa monga mwa masiku onse, koma anagwira ntchito mpaka dzuwa kulowa, osapuma, akuimba nyimbo za Chibemba. Zipinda ziwiri takweza tsiku limodzi. Ndikuvomera kuti anthu amenewa akayamba saona kumbuyo.

Koma masiku otayika aja sabwerera. Pa 29 Sepitembala sindikwanitsa. Ndawerengetsanso mofatsa, ndipo ndidzafika Lachinayi pa 13 Okutobala, basi yomweyo ya masana. Ndalemba msanga kuti musavutike kupita kumsewu pachabe. Tikadzapuma Lachisanu, Loweruka tidzanyamuka limodzi kupita kuchidikiro, ndiye kuti tili m'nthawi imene ananena anamwino.

Alamu a Ezekieli ayambe kusosa munda wa kumtunda, wa kudambo ndidzauona ndekha. Inu khasu musaligwire, ndanena.

Ndine,
Nikodemo


Kabwata
2 Okutobala, 1977

Amayi a Fanesi, mkazi wanga,

Moni kwa inu ndi onse pakhomo. Kalata yanu ndailandira, ndipo ndamva kuti msana ukukuwawani ndiponso kuti kutentha kwayamba. Kunonso dzuwa likuswa mtengo, padenga pamachita ngati pachiwaya. Ine ndili bwino, chala chokha ndinachiphwanya ndi hamala chifukwa maganizo anali kwanu.

Matabwa onse ali m'malo mwake, ndipo ngakhale ndidzitame, mzere wake ndi woongoka ngati chingwe. Chatsala ndi malata. Malatawo analonjeza ndi munthu wina wachuma wa mumpingo, ba Spencer Chilufya, amene amakhala ku Kabulonga. Kumeneko ndi kwa mabwana, nyumba zobisala m'maluwa, agalu ake aakulu ngati ana a ng'ombe. Ananena kuti malata afika pa 19 Sepitembala. Atalephera, anandiuza kuti ndikawapeze kunyumba kwawo Lachiwiri "naini awazi". Ndinakhala pachipata kuyambira 9 koloko mpaka 1 koloko, mlonda akundimvera chisoni. Atatulukira pagalimoto anandikumbatira, kundilowetsa m'nyumba, kundimwetsa tiyi wamkaka m'kapu yopyapyala imene ndinkaopa kuiphwanya. Anandifunsa za inu ndipo anati akupemphererani. Za malata anati, "Osadandaula ba Kachigamba, yazabwela manje manje." Ndapitako katatu. Tiyi ndamwa katatu.

Sindikuti ndi munthu wabodza. Akuti malata akusowa dziko lonse, ndipo iwo akudikira mnzawo, mnzawoyonso akudikira wina. Kungoti kuno munthu sanena kuti sindikudziwa. Amaona kuti kukubweza wopanda tsiku ndi kukuchitira mwano, ndiye amakupatsa tsiku loti likutonthoze, ndipo aliyense amadziwa kuti tsikulo ndi lotonthozera chabe. Wopusa ndine ndekha amene ndimalilemba m'kabuku.

Ndiye pa 13 sindifika. Cholembera chikulemera polemba mawu amenewa. Ba Spencer andilumbirira kuti pofika pa 10 malata adzakhala atafika, ndipo ine ndawonjezapo sabata yanga yowakayikira. Ndidzafika Lachinayi pa 27 Okutobala. Tsiku limeneli lokha silisintha, malata abwere asabwere.

Mwafunsa ngati mungatsogole kuchidikiro ndi alamu a Ezekieli pangolo yawo, popeza anamwino anati pakati pa mwezi. Ndaganiza usana wonse. Ngolo ija ndikuidziwa, ilibe chifundo, ndipo msewu wa kudambo ndi mabampu okhaokha. Komanso munalira pondiuza kuti simufuna kudzaonanso chipata chija popanda ine. Nthawi yanu ndi pakati pa Novembala, ndawerengetsa kawiri. Masabata awiri ochedwa si kanthu, anamwino amangowonjezera masiku kuti anthu asamazengereze. Ndidikireni, ndidzakutengani ndekha pabasi, mutakhala pampando ngati mayi wa abusa.

Ba Judith anandipeza ndikulemba tsikuli ndipo anapukusa mutu. Anati, "Imwe ba Kachigamba, lekani kupasa mukazi madeti. Ise kuno munthu akakamba tsiku, tiziba ati ni kukamba chabe. Manje uja wanu azakhulupilila." Ndinawayankha kuti n'chifukwa chake ndimamupatsa, popeza kwathu mawu a munthu ndi mawu. Iwo anangondithirira madzi osamba.

Konzani kale kathumba kanu: zitenje zinayi, beseni laling'ono, lezala latsopano. Sopo ndapeza mmodzi pambuyo poima pamzere maola atatu, ndikusungirani. Ndikulakalaka kukuonani mmene mwakuliramo.

Wanu nthawi zonse,
Nikodemo


Kabwata
23 Okutobala, 1977

Amayi a Fanesi,

Moni. Ndikupemphera kuti muli bwino. Ine thupi lilibe vuto koma mtima suli m'malo. Kalata yanu yafika dzulo, yonena kuti yanga ija inakupezani pa 12, kutatsala tsiku limodzi, ndiponso kuti mwamva ndipo mundidikira. Werengani bwino zimene ndikulembazi.

Malata anafika Lachisanu, dzana. Dzulo lake, Lachinayi madzulo, kunagwa kamvula kowaza, kosakwana ndi theka la ola, koma khoma la kum'mawa linafewa pamwamba mpaka chala kulowa. Mitambo ikusonkhana masana alionse. Mawa ndi tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lino, tauni yonse ili m'mbendera ndipo palibe adzagwire hamala. Kukhoma malata pazipinda zinayi ndi masiku khumi ngati anthu abwera. Ba Chiti ndi katswiri wa njerwa, koma malata sanakhomepo, ndipo akalakwitsa mzere woyamba denga lonse lidzadontha.

Ba Kabamba anandiuza mosabisa kuti, "Yendani ba Kachigamba. Sukulu ikagwa tizamanga futi, zidina ni dothi chabe." Ndinawayang'ana n'kuona kuti akunena zoona, iwo angayambenso chaka cha mawa osadandaula. Koma ine ndinaona thukuta la amuna aja, ndi ana amene akuphunzirira pansi pa mtengo, ndiponso, ndisakubisireni, ndinaona dzina langa. Sindinasiyepo denga lapakati chibadwire. Ndatsala.

Tsono chitani izi. Musandidikirenso. Kalatayi ikangofika, tsiku lomwelo alamu a Ezekieli amange ng'ombe, ayale matiresi athu m'ngolo, ayende pang'onopang'ono. Amayi anu apite nanu. Zimene ndinalemba zija zoti mundidikire zifafanizeni, ndinalakwitsa.

Ndikudziwa kuti kalata imayenda masiku khumi ndipo Lachinayi la pa 27 lifika iyo isanafike. Ndinaganiza zotumiza telegalamu, mpaka mawu ake ndinawalemba pakapepala. Koma kwathu telegalamu ndi uthenga wa maliro. Ndinaona m'maganizo munthu wa ku positi akutsika panjinga pakhomo pathu, inu ndi pakati potero, ndipo ndinaopa kuti mungagwe musanaitsegule. Ndakang'amba kapepalako. Ndinu munthu wanzeru, mukaona kuti basi ya Lachinayi yadutsa popanda ine mudzadziwa chochita.

Ndidzakupezani kuchidikiro komweko Lachinayi pa 10 Novembala. Mundikhululukire.

Nikodemo


Chelstone
30 Okutobala, 1977

Okondedwa amayi a Fanesi,

Moni wa Lamulungu. Kalatayi ndailembera kudzera kwa anamwino a kuchidikiro, popeza ndikhulupirira kuti ikamafika mudzakhala mutazolowera kale kumeneko, mukuphika pamafuwa amodzi ndi amayi anzanu ndi kuwauza za mwamuna wanu wosamva. Auzeni ndithu, ndikuyenera. Ine ndili bwino, ndasamukira kuno kusukulu, ndikugona m'chipinda chimene tamaliza kuti ndisataye nthawi pabasi.

Zipinda ziwiri ndi theka zafoleredwa. Anthu atamva za inu asintha. Sikuti akufika 7 koloko, zimenezo ndinazitaya, koma akuweruka kuntchito kwawo akumabwera molunjika kuno ndi zovala za ku ofesi, kudzakhoma mpaka kuwala kutha. Ba Kabamba ndi thupi lawo lija anakwera makwerero, mpingo wonse unasiya ntchito kuwaonerera. Amayi akumabweretsa chakudya, ndipo aliyense akufunsa kuti, "Bali shani bamayo ku Malawi?" kutanthauza kuti amayi ali bwanji. Ena ayamba kale kukangana za dzina la mwana.

Lachinayi masana ndili pamwamba padenga ndinayang'ana wotchi, ndipo ndinati basi ija ikuima kwa Kamwendo tsopano. Ndinaona anthu akutsika ndi akatundu awo, kondakitala akuponya matumba pansi. Hamala inandilemera mpaka ndinatsika kukamwa madzi. Ndikhulupirira simunavutike kupita kumsewu ndi dzuwa limeneli.

Padenga pano pamaoneka msewu wopita kum'mawa, ndipo galimoto iliyonse yolowera kumeneko ndimaiperekeza ndi maso. Ndatopa ndi dziko la eni, amayi a Fanesi. Ndikufuna kumva mukundikalipira chifukwa cholowa ndi utuchi m'nyumba. Masiku khumi ndi limodzi okha atsala.

Wanu,
Nikodemo


Kabwata
6 Novembala, 1977

Amayi a Fanesi,

Sindikudziwa moni woyenera. Ndingofunsa kuti mwadzuka bwanji, ndipo ndikuthokoza Mulungu kuti mulipo woti ndikufunseni.

Kalata ya alamu a Ezekieli inafika Lachisanu m'mawa, anaipatsira dalaivala wa lole wochokera ku Mchinji. Denga tinali titamaliza dzulo lake. Ndinaitsegula ndikumwetulira, ndikuyesa kuti akundiuza za munda.

Andiuza zonse, sanandibisire. Akuti Lachinayi munavala chitenje chatsopano n'kuyenda mpaka kwa Kamwendo, kathumba kali m'manja kuti tisatayenso nthawi. Basi inadutsa. Akuti iwo anakupemphani madzulo omwewo kuti amange ng'ombe, inu munakana, munati, "Bambo a Fanesi akasintha tsiku amalemba. Kalata sinabwere, ndiye kuti ali m'njira, basi yangowafera." Lachisanu munapitanso. Loweruka munapitanso, ndipo matenda anakuyambirani pasiteji pomwepo, masabata awiri nthawi isanakwane. Akuti ngolo inafika padambo paja pokhapokha. Anali mwana wamwamuna, ndipo sanalire. Akuti amayi a m'mudzi anakamuika tsiku lomwelo monga mwa mwambo, inu muli chikomokere kuchipatala. Kalata yanga yoti musandidikire inafika Lachitatu, patapita masiku anayi.

Munaganiza bwino, mkazi wanga. Palibe pamene munalakwitsa. Zaka zonsezi ndinakuphunzitsani kuti ndikanena Lachinayi ndi Lachinayi, ndipo ndinkanyadira kuti mumandikhulupirira. Mukanakwatiwa ndi munthu ngati ba Chiti, mukanaseka pasiteji paja n'kukwera ngolo tsiku lomwelo. Miyezi inayi ndakhala ndikuseka anthu a kuno m'makalata, koma tsiku lawo losakwaniritsidwa silinaphe munthu, chifukwa palibe amaimika moyo wake pamenepo. Langa ndi limene munaimikapo moyo wanu ndi wa mwana wathu. Munandifunsa ngati mungatsogole, ine ndinati ayi. Sindinganamizire malata, kapena mvula, kapena ba Spencer. Ndinauzidwa kuti pita, ndipo ndinasankha denga.

Ndinawauza ba Kabamba kuti kwathu mwana wotere samuchitira maliro, ndipo asavutitse anthu. Anangogwedeza mutu. Pofika masana bwalo lawo linali litadzaza. Palibe anawaitana, palibe analengeza nthawi. Amuna aja ndinawakhomera loko anabwera onse, ena atathawa kuntchito, ena atasiya malo awo pamzere wa ufa. Anatulutsa mipando panja n'kukhala nane. Ba Chiti anakhala pambali panga, dzanja lawo lili pabondo langa, misozi ikutsika osaipukuta. Lachisanu lonse, dzulo lonse, ndipo pamene ndikulemba pano ena akadali panjapo. Ndinkadikira kuti ba Judith andikumbutse zimene anandichenjeza, koma angondichapira malaya ndi kundilongera katundu.

Kubasi kuli mzere wa masiku angapo, ndiye mng'ono wawo wa ba Chiti andinyamula palole yake imene ikupakira katundu wa ku Chipata. Akuti inyamuka ikadzaza. Kuchokera ku Chipata ndikwera chilichonse chimene chili ndi matayala, chikasowa ndiyenda wapansi. Kaya iyambe kufika ndi kalatayi kaya ine, sindikudziwa. Ndalemba chifukwa mawu amenewa pamaso panu, m'chipinda chodzaza anthu, sindidzatha kuwanena.

Tsiku sindilemba. Musatume munthu kumsewu, Fanesi asakaime pasiteji, ndipo inu musamayang'ane kukhomo basi ikalira. Idyani, imwani mankhwala, gonani. Mudzangomva munthu akuodira panja, ndipo mudzanena nokha ngati alowe.

Ine mwamuna wanu,
Nikodemo